Mmene mungawerengere chiwonongeko cha chilengedwe chomwe chimadza popanga galimoto, muli konkuno ku Dedza

Funso ili landipeza kambirimbiri. Amafunsa ophunzira amene apatsidwa kafukufuku wa jogalafe, amafunsa aphunzitsi oyang'anira makalabu a zachilengedwe m'sukulu zathuzi, ndipo masiku ano akufunsanso anthu amene akusonkhanitsa ndalama zoti aitanitse galimoto ku Japan. Mawu amasiyana koma nkhani ndi imodzi: galimoto isanalize n'komwe injini, imakhala itawononga kale chilengedwe mochuluka bwanji, ndipo munthu wokhala ku Dedza kapena ku Ntcheu, komwe kulibe fakitale ya magalimoto, angaziwerengere bwanji? Ndaganiza zolemba yankho lonse pamodzi kuti aliyense azitsatira yekha.

Dziwiranitu chinthu chimodzi. Manambala ambiri amene mungapeze pa intaneti anawerengedwa poganizira galimoto yopangidwa, kuyenda ndi kuphwasulidwa m'dziko limodzi lolemera. Zathuzi sizili choncho. Zimapangidwa ku Japan, zimayenda zaka zingapo kumeneko, n'kudzakalambira pa M1 zitanyamula anthu ndi matumba a kachewere. Mukangokopera nambala ya eni akewo osaikonza, ndiye kuti mwalemba za galimoto ina, osati yomwe yaima pa depoti ya Dedza.

Khalani ndi kope, foni yowerengera, bulubuku ya galimoto imene mukufuna kuyeza, ndi malisiti a mafuta ngati mwini wake amasunga.

1. Dulani malire musanagwire nambala iliyonse

Njira iyi akatswiri amaitcha LCA (Life Cycle Assessment), ndipo malamulo ake ali m'miyezo ya padziko lonse yotchedwa ISO 14040 ndi ISO 14044. Mumatsata chinthu kuyambira ku mgodi mpaka tsiku lomwe chidzatayidwe. Moyo wa galimoto uli ndi zigawo zinayi: kukumba ndi kuyenga zipangizo, kulumikiza galimotoyo m'fakitale, kuyenda kwake pamsewu, ndi mathero ake. Lembani pamwamba pa tsamba loyamba zigawo zomwe mukuwerengera ndi zomwe mwasiya.

Ambiri amaphonyera pompano. Amatenga nambala ya kampani ina yongowerengera utsi ndi magetsi a fakitale yake, n'kuiyerekeza ndi ya kampani ina yomwe yayambira ku mgodi, kenako n'kunena kuti yoyambayo ndi yaukhondo. Fakitale yolumikiza ndi kupaka penti imatulutsa zochepa, mwina theka la tani kapena tani imodzi pa galimoto. Zochuluka zimatuluka kutali, ku ng'anjo za chitsulo ndi za aluminiyamu, zomwe mwini dzina la galimotoyo saziyendetsa. M'malipoti a makampani muona mawu akuti Scope 1, Scope 2 ndi Scope 3. Loyambalo ndi utsi wa m'fakitale mwawo, lachiwiri ndi magetsi omwe agula, lachitatu ndi zina zonse, kuphatikizapo zipangizo ndi mafuta amene ogula adzawotche. Lipoti lomwe lanyadira Scope 1 ndi 2 zokha lakubisirani mbali yaikulu.

Muyeso wathu ukhala makilogalamu a CO2e. Chilembo cha e chikutanthauza kuti mipweya ina yotenthetsa dziko, monga methane ndi gasi wa mu eyakoni, yasinthidwa kukhala kuchuluka kwa mpweya wa kaboni komwe kungatenthetse mofanana.

2. Pezani kulemera kwa galimotoyo

Pa mapepala a galimoto pamakhala manambala awiri a kulemera. Tare ndi kulemera kwake ili yopanda kanthu. GVM ndi malire ake itanyamula anthu ndi katundu. Inu tengani tare. Wotenga GVM amawerengera anthu ndi mbatatesi ngati chitsulo cha ku fakitale.

Kuti mudziwe ngati mwatenga nambala yoyenera: Passo imalemera pafupifupi makilogalamu 900, Probox imapitirira 1,000 pang'ono, Sienta yakale ija ili cha m'ma 1,200, Hilux ya makabu awiri pafupifupi 2,000, ndipo Prado imaposa pamenepo.

Ngati muli pachangu, chulukitsani tare ndi 5. Kafukufuku wambiri wa magalimoto a petulo amafika pafupi ndi pamenepo: makilogalamu 5 a CO2e pa kilogalamu iliyonse ya galimoto. Sienta ndiye matani 6, Prado matani 11. Koma ngati ndi kafukufuku wa kusukulu, musalumphe gawo lotsatirali, chifukwa ndi limene limakuonetsani komwe utsiwo ukuchokera.

3. Igaweni galimotoyo m'zipangizo zake

Chitsulo chimatenga pafupifupi magawo 60 mwa 100 a kulemera konse. Mu Sienta yathu tinene makilogalamu 750. Koma fakitale imagula zoposa pamenepo, chifukwa podinda zitseko ndi denga pa malata aakulu, zodukaduka zimatsala zambiri, kuposa gawo limodzi mwa magawo atatu a malatawo. Werengerani makilogalamu 1,000 ogulidwa. Bungwe la World Steel Association limati tani ya chitsulo imatulutsa pafupifupi matani 1.9 a kaboni tikaphatikiza njira zonse. Chitsulo chochokera ku miyala, chosungunulidwa ndi malasha, chimafika cha m'ma 2.3, pamene chosungunula zitsulo zakale ndi magetsi chili cha m'ma 0.7. Thupi la galimoto limafuna malata osalala kwambiri, ndipo ambiri amachokera ku njira ya malasha. Choncho 1,000 kuchulukitsa ndi 2.3, tapeza makilogalamu 2,300.

Malasha ake si achilendo kwa ife. Sitima zazitali zomwe zimachoka ku Moatize m'chigawo cha Tete, kudutsa ku Nkaya ndi ku Liwonde kupita ku doko la Nacala, zimanyamula malasha a mtundu womwewo wosungunulira chitsulo. Wophunzira amene akufuna chithunzi cha chiyambi cha galimoto safunika kupita ku Nagoya ku Japan. Angoima m'mbali mwa njanji ku Balaka.

Aluminiyamu ndi wochepa koma woopsa pa kawerengedwe. Tinene makilogalamu 100, m'injini, m'giyabokosi ndi m'malimu. Watsopano amadya magetsi koopsa, ndipo padziko lonse amatulutsa pafupifupi makilogalamu 15 pa kilogalamu imodzi. Wosungunula wakale amafuna magawo 5 okha mwa 100 a mphamvu imeneyo. Ndiye makilogalamu 100 omwewo angakupatseni 1,500 kapena osafika 100, kutengera komwe anachokera. Poti zambiri za m'injini zimaumbidwa ndi aluminiyamu wakale, tengani pakatikati, 800, ndipo lembani pambali kuti mwatero.

Pulasitiki wa mabampa, dashibodi ndi mipando, makilogalamu 120 kuchulukitsa ndi 3, ndi 360. Matayala, magalasi, mawaya a kopa, penti ndi timakompyuta ta m'kati muziike pamodzi cha m'ma 600. Fakitale yolumikiza 500. Mafakitale ang'onoang'ono osula ndi kudula zipangizo asanazitumize, ikani 1,000. Zonse pamodzi zikupitirira 5,500 pang'ono. Nthawi zonse pamakhala zina zomwe zathawa m'kaundula, choncho kwezani kufika pa matani 6, ndipo muona kuti mwakumana ndi njira yachidule ija.

Kuti nambalayi imveke: utsi wa mafuta, malasha ndi simenti wa dziko lathu lonse, ukagawidwa kwa munthu aliyense, ndi pafupifupi tani 0.1 pachaka. Kupanga Sienta imodzi n'kofanana ndi gawo la Mmalawi mmodzi la zaka pafupifupi 60.

4. Kwezani maso ku dziko lonse

Bungwe la OICA, lomwe limasonkhanitsa ziwerengero za opanga magalimoto, linati mu 2023 padziko lonse panapangidwa magalimoto pafupifupi 93.5 miliyoni. China yokha inapanga oposa 30 miliyoni, United States oposa 10 miliyoni, Japan pafupifupi 9 miliyoni. Chulukitsani 93.5 miliyoni ndi matani 6, mupeza matani oposa 550 miliyoni. Imeneyi ndi nambala yapansi, chifukwa m'chiwerengerocho muli mathiraki, mabasi ndi magalimoto a magetsi amene amadya zambiri popanga. Utsi wonse wa mafuta, malasha ndi gasi padziko m'chaka chimenecho unali pafupifupi matani 37 biliyoni. Kupanga magalimoto kokha ndiye kuli pakati pa gawo limodzi ndi magawo awiri mwa 100.

Chenjezo: mukaona kwina kuti chitsulo chimatulutsa magawo 7 mpaka 9 mwa 100 a utsi wa dziko, musaphatikize nambala imeneyo pamwamba pa ya magalimoto. Chitsulo cha m'galimoto mwachiwerenga kale.

5. Werengerani ulendo wobwera ndi mafuta a tsiku ndi tsiku

Kuchoka ku Japan kufika pa doko la Dar es Salaam ndi makilomita oposa 12,000 pa nyanja. Pa galimoto yaing'ono ikani pafupifupi theka la tani. Kuchoka ku Dar es Salaam, kudzera ku Mbeya ndi pa chipata cha Songwe mpaka kuno, ndi makilomita oposa 1,600, malita pafupifupi 120. Anthu amaganiza kuti sitima ndiyo imawononga kwambiri, koma mukuona nokha kuti ulendo wonse sukufika tani imodzi.

Tsopano mafuta. Lita ya petulo ikapsa imatulutsa makilogalamu 2.3 a kaboni, ya dizilo pafupifupi 2.7. Onjezerani 0.6 ya kukumba, kuyenga ndi kunyamula mafutawo pa matankala ochokera ku Beira, Nacala kapena Dar es Salaam. Mugwiritse ntchito 2.9 pa petulo ndi 3.3 pa dizilo. Petulo wathu amasakanizidwa ndi ethanolo wa nzimbe wochokera ku Ethco ku Dwangwa ndi PressCane ku Chikwawa, zomwe zimatsitsako nambalayo pang'ono. Lembani zimenezi m'munsi mwa tsamba, koma musasinthe nazo kawerengedwe.

Musakhulupirire makilomita pa lita olembedwa pa tsamba la ogulitsa. Amenewo anayezedwa m'chipinda choyesera, pa muyeso wogwiritsidwa ntchito ku Japan wotchedwa JC08 kapena WLTC, popanda zitunda, mabampu ndi katundu. Galimoto yokwera Khwekhwerere kuchoka ku Golomoti itadzaza simwa ngati ya m'chipinda. Yezani nokha. Thirani fulu thanki mpaka pampu idule, lembani mileji, yendani maulendo anu a masiku onse, kenako thiraninso pa pampu yomweyo mpaka idule. Gawani makilomita ndi malita achiwiriwo. Bwerezani katatu n'kutenga pakati. Pa nthawi yoyezayi musathire petulo wa m'zigubu, chifukwa malita ake ndi apakamwa.

Tinene Sienta yapereka makilomita 13 pa lita. Gawani 2.9 ndi 13, mupeza magalamu 223 pa kilomita. Gawani matani 6 aja ndi nambala imeneyi: pofika makilomita pafupifupi 27,000, utsi wa mafuta wafanana kale ndi utsi wonse wopangira galimotoyo. Ichi n'chifukwa chake pa galimoto ya petulo kuyenda ndiko kumatenga mbali yaikulu ya moyo wake wonse.

6. Gawani ngongole ya ku fakitale: pano khalani pansi

Malangizo ambiri amadumpha gawo ili, chifukwa owalemba amagula magalimoto atsopano. Ife timagula akaunjika. Matani 6 aja ali ngati ngongole yomwe inatengedwa tsiku lomwe galimoto inatuluka m'fakitale. Funso n'lakuti abweze ndani: amene anaigula yatsopano ku Japan, kapena inu amene mwailandira itayenda kale?

Choyamba mvetsani chifukwa chake imabwera ikadali ndi moyo. Ku Japan kuli chiphaso cha boma chotchedwa shaken. Galimoto imayezedwa ikatha zaka 3, kenako zaka 2 zilizonse, ndipo mtengo wake pamodzi ndi misonkho umapangitsa ambiri kugulitsa galimoto yabwinobwino n'kugula ina. Lipoti la 2020 la UNEP, nthambi ya United Nations yoona za chilengedwe, linapeza kuti pakati pa 2015 ndi 2018, Europe, United States ndi Japan anatumiza kunja magalimoto ang'onoang'ono akale 14 miliyoni, ndipo Africa ndiyo inalandira ochuluka kuposa dera lina lililonse.

Pali njira zitatu zogawira.

Yoyamba imati ngongole yonse ndi ya mwini woyamba, inu muyambire pa ziro. Ndi yosavuta, ndipo imatisangalatsa chifukwa imatiyeretsa. Ine sindigwirizana nayo. Munthu wa ku Osaka amagulitsa msanga galimoto yake chifukwa akudziwa kuti msika ulipo, ndipo msikawo ndife. Ndalama yathu imamuthandiza kugula yatsopano. Sitingakane kuti dzanja lathu lili m'menemo.

Yachiwiri imagawa potengera mtengo. Ngati galimoto inagulitsidwa pa kota ya mtengo wake ili yatsopano, inu mwatenga kota ya ngongole, tani 1.5. Mukasankha njira iyi, tengani mtengo wa ku Japan, osati umene mwalipira mutaphatikiza sitima ndi msonkho wa MRA. Vuto lake n'lakuti mtengo umatsata fashoni ndi kusinthasintha kwa ndalama, osati kutha kwa chitsulo.

Yachitatu imagawa potengera makilomita, ndipo ndiyo ndimalimbikitsa. Mumagawa matani 6 ndi makilomita onse amene galimotoyo idzayende m'moyo wake, kwa eni ake onse. Kuvuta kwake kuli pa nambala yapansiyo, ndipo nkhani yonse yagona pamenepo.

Makampani ambiri amawerengera kuti galimoto imafa itayenda makilomita 150,000 kapena 200,000. Pa 200,000, ngongole ndi magalamu 30 pa kilomita. Koma taonani Sienta ya matola pakati pa Dedza ndi Lilongwe. Mtunda ndi makilomita pafupifupi 85. Ikapita n'kubwera kawiri patsiku, ndi makilomita 340, ndipo m'masiku 300 yadutsa 100,000. Moyo wonse umene kampani inawerengera, galimoto yotere imaumaliza m'zaka ziwiri, n'kupitiriza ndi injini ina yochokera kwa ogulitsa zipangizo zakale. Tinene inabwera itayenda 90,000 ndipo kuno iyenda 310,000. Pamodzi ndi 400,000. Ngongole yatsika kufika pa magalamu 15 pa kilomita, koma gawo lathu ndi 310,000 kuchulukitsa ndi 15, makilogalamu 4,650. Ndiye kuti mbali yaikulu ya ngongoleyo ndi yathu, osati ya Mjapani. Pamwamba pake ikani ulendo wobwera wonse, chifukwa unachitikira ife.

Kuti mupeze nambala yapansi yodalirika, chitani zinthu zitatu. Poyamba, musakhulupirire mileji ya pa dashibodi yokha, chifukwa ena amaibweza m'mbuyo asanagulitse. Onani pa export certificate, pepala la ku Japan lomwe limabwera ndi galimoto: pamalembedwa mileji ya pa shaken ziwiri zomaliza pamodzi ndi madeti ake. Ngati dashibodi ikuonetsa zochepa kuposa pepalalo, khulupirirani pepala. Kachiwiri, werengani makilomita a pachaka kuchokera ku maulendo enieni monga ndachitira pamwambapa, osati kufunsa dalaivala kuti angoganiza. Kachitatu, pitani kwa amakaniko akuluakulu a pa boma kapena pa Lizulu, mukawafunse kuti, "Bambo, magalimoto a mtundu uwu amafika pati asanagonekedwe pa miyala?" Funsani angapo. Iwo ndi amene amaona mathero a magalimotowa, ndipo yankho lawo limaposa la m'buku lolembedwa ku Europe.

Musaiwale zipangizo zosinthidwa. Injini yachiwiri, giyabokosi, mashoko ndi matayala zili ndi ngongole yakeyake. Ngati zinali zakale, zigaweni mofanana. Ngati zinali zatsopano, chulukitsani kulemera kwake ndi 5 n'kuphatikiza.

Mukamaliza, gawaninso ndi anthu. Sienta: 223 kuphatikiza 15 ndi magalamu 238 pa kilomita. Itanyamula anthu 6, aliyense watenga pafupifupi 40. Prado ya dizilo yopereka makilomita 9 pa lita: 3.3 kugawa ndi 9 ndi magalamu 367, kuphatikiza 28 a ngongole (matani 11 aja kugawa ndi makilomita 400,000), pafupifupi 395. Ikakhala ndi munthu mmodzi, monga momwe timazionera zikupita ku misonkhano, munthuyo watenga kuwirikiza pafupifupi ka 10 poyerekeza ndi mayi wa mu Sienta uja. Izi sizikutanthauza kuti kupanikiza anthu mopitirira mipando n'kwabwino. Ngozi za pa M1 si nkhani ya magalamu.

Kawerengedwe komweka kamayankha funso lina lomwe ndimafunsidwa: ndisunge yakaleyi kapena ndisinthe? Tinene yanu ikupereka makilomita 10 pa lita, magalamu 290, ndipo ya hybrid yatsopano, yoyendera petulo ndi batire pamodzi, ingapereke 20, magalamu 145. Mukupulumutsa 145 pa kilomita. Kuti mubweze matani 6 pafunika makilomita pafupifupi 41,000. Mphunzitsi woyenda 8,000 pachaka adzadikira zaka 5. Wa matola sadzatha ngakhale miyezi 6. Yankho limodzi la onse kulibe, ndipo amene akukupatsani limodzi sanafunse za maulendo anu.

7. Ngati ndi ya magetsi, onjezerani batire

Werengerani thupi la galimoto monga kale, mutachotsa kulemera kwa batire, kenako batire payokha. Kukula kwake kumalembedwa mu kWh, muyeso wa magetsi amene batire ingasunge. Nissan Leaf yoyamba inali ndi 24, ndipo yomwe inatuluka mu 2017 ili ndi 40. Bungwe la IVL la ku Sweden mu 2017 linati kWh imodzi imatulutsa makilogalamu 150 mpaka 200 popanga, koma mu 2019 linatsitsa kufika pa 61 mpaka 106. Nkhani zambiri zonyoza magalimoto a magetsi zimagwiritsabe ntchito nambala yakaleyo, ndiye nthawi zonse onani chaka. Batire ya 40 kWh ndi matani 2.4 mpaka 4.2 pamwamba pa thupi.

Volvo mu 2021 inayerekeza C40 ya magetsi ndi XC40 ya petulo. Inapeza kuti kupanga ya magetsiyo kumatulutsa utsi woposa ndi magawo 70 mwa 100, ndipo kuti ifanane ndi ya petulo iyenera kuyenda makilomita 110,000 pa magetsi osakanikirana a dziko lonse lapansi, 77,000 pa magetsi a ku Europe, kapena 49,000 pa magetsi a mphepo. Ife tili pafupi ndi nambala yomalizayi, chifukwa magetsi athu ambiri amachokera ku madzi a Shire pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo kuno kwathu ku Golomoti kuli malo a magetsi a dzuwa a 20 MW okhala ndi mabatire, amene anayamba kugwira ntchito mu 2022. Koma lembani moona kuti mumatchaja pati. Tsiku lililonse lomwe magetsi athima n'kutchaja pa jenereta, werengerani dizilo wake. Ndipo pa ya kaunjika, funsani mphamvu yomwe yatsala mu batire, chifukwa ikafuna kusinthidwa mwatenga ngongole ina.

8. Werengani zomwe kaboni saona

Kaboni ndi muyeso umodzi chabe. Dothi, madzi ndi thanzi la anthu sizilowa mu CO2e, ndipo musayese kuzikakamiza kuti zilowe. Zipatseni tsamba lakelake.

Kumayambiriro kuli migodi. Cobalt wa m'mabatire, pafupifupi magawo 70 mwa 100 amachokera ku DRC, makamaka cha ku Kolwezi, komwe ena amakumba ndi manja m'maenje oopsa. Kopa amachokeranso ku Zambia, platinum wa mu ekizozi ku South Africa, lithium ku Australia, Chile ndi ku Bikita ku Zimbabwe, graphite ku China ndi ku Balama ku Mozambique. Bungwe la IEA, loona za mafuta ndi magetsi padziko lonse, linati galimoto ya magetsi imafuna miyala ya mtundu umenewu kuwirikiza ka 6 poyerekeza ndi ya petulo. Nkhaniyi ikubwera pakhomo pathu: ku Kasiya m'boma la Lilongwe kuli rutile ndi graphite, ndipo ku Kangankunde ku Balaka ndi ku Songwe Hill ku Phalombe kuli miyala yopangira maginito a mamota a magetsi. Ntchito zotere zimayenera kukhala ndi lipoti la ESIA, lofotokoza mmene zidzakhudzire chilengedwe ndi anthu, ndipo loyang'anira ndi bungwe la MEPA pansi pa lamulo la zachilengedwe la 2017. Wophunzira wofuna manambala a madzi ndi malo awapeze m'menemo.

Kumapeto kuli galaja, ndipo pano inu mungayeze bwino kuposa katswiri aliyense wakunja. Ku Japan, kuyambira 2005, mwini galimoto amalipiriratu ndalama yodzaiphwasulira bwinobwino: kupopa gasi wa eyakoni, kuchotsa ma airbag, kusamala zinyalala. Galimoto ikatumizidwa kunja, ndalamayo imabwezedwa kwa wotumiza, ndipo galimotoyo imafika kuno yopanda womuyang'anira pa imfa yake. Malipoti a makampani amalemba mathero a ku Japan, pamene mathero enieni ali kuseri kwa msika wathu.

Pitani pa galaja, mupemphe chilolezo kwa mwini wake, muone pansi. Dothi lozungulira dzenje lokonzera limakhala lakuda, lolimba, losamera kanthu, ndipo mvula ikagwa mumaona mitundu ya utawaleza ikuyandama kulowera m'ngalande. Werengerani: malita 4 a oyilo pa makilomita 5,000 alionse, pa makilomita 310,000 ndi malita pafupifupi 250 pa galimoto imodzi. Funsani kuti amapita kuti. Ena amagulidwa kukapaka mitengo ya denga ndi ya khola poopa chiswe, ena amangothiridwa pansi. Funsani za mabatire akale. Oposa theka la kulemera kwake ndi mtovu, ndipo asidi wake nthawi zambiri amakhuthulidwa pomwepo batire isanapite kwa ogula zitsulo. Mtovu umawononga ubongo wa ana, ndiye lembani ngati pafupi pali chitsime kapena nyumba. Funsani za gasi wa eyakoni: R134a amatenthetsa dziko kuwirikiza ka 1,430 poyerekeza ndi kaboni, choncho theka la kilogalamu lothawira m'mwamba ndi makilogalamu oposa 700 a CO2e. Amenewa okha abwezereni pa tsamba la kaboni. Gwadaninso muone pansi pa galimoto ngati catalytic converter ilipo, kachitini ka pa ekizozi kosefa utsi. Ambiri amaichotsa kukagulitsa chifukwa cha platinum. Ikachoka, kaboni sasintha kwenikweni, koma utsi wolasa m'chifuwa umachuluka, ndipo amaupuma ndi amayi ogulitsa kabichi m'mbali mwa msewu pa Tsangano Turn-off.

Lembaninso zabwino zomwe muone, chifukwa zilipo ndipo malipoti akunja saziwerengera. Masipuling'i amapita kwa osula nkhwangwa ndi zikwanje, ekiselo ndi matayala zimakhala ngolo, limu imasanduka mbaula, aluminiyamu wa injini amaumbidwa mapoto, machubu amadulidwa malegeni omangira katundu pa njinga. Yesani kulemera kwa zomwe zapezanso ntchito n'kuyerekeza ndi tare.

9. Lembani zotsatira moti wina atha kukutsutsani

Musalembe nambala ngati 5,560 ngati kuti mwaiyeza pa sikelo. Lembani kuti pakati pa matani 5 ndi 7. Pa nambala iliyonse onetsani komwe yachokera ndi chaka chake, ndipo siyanitsani zomwe mwayeza nokha, monga makilomita pa lita, ndi zomwe mwabwereka. Nambala ya kampani muziifunsa kuti anaitsimikiza ndani, pokumbukira kuti mu September 2015 Volkswagen inapezeka itaika pulogalamu yonamiza mayeso a utsi m'magalimoto a dizilo pafupifupi 11 miliyoni.

Pomaliza bwerezani kawerengedwe konse kawiri, mutasintha nambala ziwiri zomwe zimagwedeza yankho kwambiri: makilomita a moyo wonse, ndi makilomita pa lita. Yesani 250,000 ndi 400,000, yesani 11 ndi 15. Ngati galimoto yomwe inapambana ikupambanabe, lembani motsimikiza. Ngati zasinthana malo, lembani mayankho onse awiri pamodzi ndi nambala imene yawatembenuza.